Kusaka mawu mkati mwa string mu Python, ndi mbuna zomwe ine ndinagweramo

Chaka chatha alamu anga anandipempha kuti ndiwapangire kapulogalamu ka gulu lawo la banki m'khonde. Sizinali zambiri, amangofuna kuti akalemba dzina kapena kachidutswa ka dzina, laputopu iwabweretsere anthu onse a dzina limenelo ndi zomwe anasonkha, m'malo momavundukula kope tsamba ndi tsamba anthu akudikira. Ine ndinati aa zimenezo ndi za madzulo amodzi basi. Ndinalembadi, ndinalowetsa dzina limodzi loyesera, linatuluka, ndinatseka laputopu nkukagona. Tsiku la msonkhano alamu alemba kuti Banda, pa sikirini panatuluka aliyense, a Phiri, a Mwale, a Gondwe, gulu lonse, kupatula a Banda eni akewo. Anandiimbira foni pomwepo, ndimamva azimayi akuseka chakumbuyo, wina akuti kope lija libwere.

Cholakwa chinali mumzere umodzi wokha ndipo tifikapo. Koma tiyambe kaye ndi mmene kompyuta imaonera mawu, chifukwa ukapanda kumvetsa pamenepa zina zonsezo umangoloweza ngati ndakatulo ya ku pulayimale.

String ndi zilembo zondondozana, ngati mikanda pa ulusi. Mkanda uliwonse uli ndi nambala ya pamalo pake, imene a khodi amati index, ndiye chosokoneza n'chakuti kuwerengako kumayambira pa 0 osati pa 1. Tengani mawu oti "Lilongwe". L ali pa 0, i ali pa 1, l wamng'onoyo pa 2, o pa 3, mpaka e womaliza ali pa 7, ngakhale zilembo zonse zilipo 8. Mpata nawonso ndi chilembo, chizindikiro cha koma (,), fulusitopu, kachizindikiro kali mu ng'ombe kaja, zonsezo ndi mikanda ndipo zimawerengedwa. Ndipo kwa kompyuta L wamkulu ndi l wamng'ono si pachibale n'komwe, ndi zilembo ziwiri zosiyana ngati mmene A alili ndi Z. Kompyuta siiwerenga tanthauzo, imangoyika mkanda pa mkanda nkuona ngati zikufanana ndendende.

Ngati mulibe laputopu musadandaule, zonse zili munsimu mutha kuziyesa pa foni ya Android ndi Pydroid 3 kapena Termux, ndipo mukangopanga install sizikudyaninso bandulo.

Funso loyamba: mulimo kapena mulibe?

Nthawi zambiri chomwe umafuna kudziwa ndi chimenechi basi, eya kapena ayi. Pamenepa Python, chinenero cholembera mapulogalamu chomwe tikugwiritsa ntchito pano, ili ndi kamawu kakafupi, in.

```
mawu = "Ndikupita ku Lilongwe mawa"

"Lilongwe" in mawu      # True
"Zomba" in mawu         # False
"lilongwe" in mawu      # False
"Zomba" not in mawu     # True
```

Mwaona wachitatuyo eti, l wamng'ono wabweza False. Tibwereranso.

Ine langizo langa kwa aliyense woyamba kumene ndi lakuti ngati simukufuna kudziwa malo, gwiritsani in ndipo musakhudze china chilichonse. Imawerengeka bwino, olo munthu wosadziwa khodi akhoza kuganiza chomwe mzerewo ukuchita, ndipo imabweza True kapena False zenizeni, osati nambala yoti uzichita kuimasulira. Zoyenera kusamala zilipo ziwiri zokha. Choyamba mbali zonse zikhale string, mukalemba 25 in "MK25" popanda makoteshoni pa 25 ikupatsani uthenga wa cholakwika wotchedwa TypeError. Chachiwiri in yemweyo amachita zina akakhala pa list, mndandanda wa zinthu woikidwa m'mabulaketi awa [ ]. "Band" in "Banda" ndi True, koma "Band" in ["Banda", "Phiri"] ndi False, chifukwa pa list amayang'ana chinthu chathunthu osati chidutswa. Anthu ambiri amasokonezeka pamenepa akangogwiritsa split(), yophwanya string kukhala mawu paokhapaokha, nkuiwala kuti tsopano ali ndi list.

Funso lachiwiri: ali pati?

Apa ndi pa find(). Amakuuza index pomwe mawu ukusakawo ayambira.

```
mawu = "Ndikupita ku Lilongwe mawa"

mawu.find("Lilongwe")   # 13
mawu.find("ku")         # 3
mawu.find("Zomba")      # -1
```

Yang'anani wachiwiriyo bwinobwino. Inu ndi maso anu mukuona "ku" wa pakati uja, woima payekha, koma find wabweza 3 chifukwa mu "Ndikupita" muli kale ku, ndipo find amaima pa woyamba kumupeza kuchokera kumanzere. Chichewa chathu n'chodzaza ndi zimenezi, ku, ndi, pa, mu, ana, zili mkati mwa mawu pafupifupi alionse, ndiye kusaka kachidutswa kakafupi m'Chichewa kumabweretsa zambiri zomwe sunaitane. Mukafuna kuyambira kutsogolo mumamupatsa nambala yachiwiri, mawu.find("ku", 4) abweza 10. Mukafuna womaliza pali rfind() amene amayambira kumanja, mawu.rfind("ku") nayenso 10. Uyu rfind amathandiza kwambiri pa mayina a mafayilo, monga "lipoti.la.mwezi.pdf", fulusitopu womaliza ndi amene amakuuza mtundu wa fayilo.

Tsopano nkhani ya a Banda ija. Mzere womwe ndinalemba unali uwu, funso ndi mawu omwe munthu walemba posaka:

```
if dzina.find(funso):
    print(dzina)
```

M'mutu mwanga ndimawerenga kuti ngati wapeza, onetsa. Koma find sabweza eya kapena ayi, amabweza nambala, ndiye Python ikaona nambala mu if imatenga 0 ngati False ndipo nambala ina iliyonse, kuphatikizapo -1, ngati True. M'kaundula wa alamu mayina analembedwa moyamba ndi la bambo, ndiye Banda amapezeka pa index 0, if nkuti False, osaonetsa. Kwa a Phiri ndi a Mwale find amabweza -1 kutanthauza kuti mulibe, if nkuti True, onetsa. Zinthu zinatembenuka chadodolido ndendende, ndipo palibe error iliyonse yomwe inatuluka yoti indichenjeze. Poyesa paja ndinasaka ndi dzina loyamba lomwe linali pakati pa string, ndipo mu list munali munthu mmodzi yekha, nde zinaoneka ngati zili bhobho.

Kukonza kwake ndi kulemba if dzina.find(funso) != -1, kapena kungochita zanzeru, if funso in dzina.

Mbuna imeneyi si ya Python yokha ayi. Amene mumapanga mawebusaiti ndi PHP mukuidziwa, strpos() akapanda kupeza amabweza false koma akapeza poyambirira amabweza 0, ndipo mukafananiza ndi == ziwirizi zimaoneka chimodzimodzi, muyenera kulemba !== false. Zinavutitsa anthu zaka zambiri mpaka PHP 8 itatuluka mu 2020 anaikamo str_contains() yongobweza true kapena false. JavaScript ili ndi indexOf() wobweza -1 ngati find, kenako mu 2015 anawonjezera includes(). Java ili ndi indexOf() ndi contains(). Mu C muli strstr() ndi strchr(), awa amabweza pointer kapena NULL. Ndipo a ku ofesi amene mumakhalira Excel, FIND ndi SEARCH zanu zija ndi zomwezi, kungoti kumeneko kuwerenga kumayambira pa 1 ndipo zikapanda kupeza zimalemba #VALUE!, FIND amasiyanitsa zilembo zazikulu ndi zazing'ono pomwe SEARCH sasamala. Ndiye mukamachoka ku Excel kubwera ku Python muzikumbukira kuti nambala zonse zatsika ndi imodzi.

Pali m'bale wake wa find dzina lake index(). Amachita zofanana, kusiyana kwake n'kwakuti akapanda kupeza sabweza -1, amaimitsa pulogalamu ndi ValueError. Poyamba ndinkadana naye, ndinkati chinthu chomangokuwa chantchito yanji, koma pano ndimamukonda pamalo pomwe ndikudziwa kuti chinthucho chiyenera kukhalamo, chifukwa bola pulogalamu ikuwe pomwe pali vuto kusiyana n'kuti ipitirire mwakachetechete ndi nambala yabodza. Onani chitsanzo ichi muone chomwe ndikutanthauza.

Kudula chidutswa pogwiritsa ntchito malo omwe wapeza

Tinene kuti muli ndi mameseji a ndalama za pa foni ndipo mukufuna kutulutsamo nambala ya ndalama yokha.

```
meseji = "Mwalandira MK25,000 lero"

poyambira = meseji.find("MK") + 2
pothera = meseji.find(" ", poyambira)
ndalama = meseji[poyambira:pothera]     # "25,000"
```

MK ali pa 11, tawonjezera 2 kuti timudumphe, tafika pa 13, ndiye tasaka mpata woyamba kuchokera pamenepo, uli pa 19, nkudula. Podula nambala yoyambayo imalowa koma yomalizayo siilowa, n'chifukwa chake mpatawo sunabwere nawo. Zabwinobwino. Koma tsiku lina pabwere meseji yolembedwa K25,000 popanda M, monga ambirife timalembera. find abweza -1, kuwonjezera 2 ikhala 1, asaka mpata kuchokera pa 1 aupeza pa 10, ndiye ndalama zanu zituluka kuti "walandira". Popanda error. Error idzabwera kutsogolo uko mukamadzayesa kusandutsa "walandira" kukhala nambala, ndipo mudzataya ola lathunthu mukuyang'ana mzere wosalakwa. Chinanso, -1 mu Python ndi index yovomerezeka, imatanthauza chilembo chomaliza, ndiye meseji[-1] sakana, amangokupatsa o wa "lero". Chonchotu nthawi iliyonse mwagwiritsa find nkufuna kudula, onani kaye ngati si -1, apo ayi gwiritsani index kuti akuwe.

Njira ina yomwe ine ndimaiona yaukhondo ndi partition(). meseji.partition("MK") amakugawira patatu, za kumbuyo, MK mwiniwake, ndi za kutsogolo, ndipo akapanda kupeza chapakaticho chimabwera chopanda kanthu, ndiye umangoona pamenepo osachita masamu a kuwonjezera 2.

Koyambirira ndi kothera

Izi ndi zachidule. startswith() ndi endswith(). Nambala za foni ndiye chitsanzo chabwino, kuno 088 ndi TNM ndipo 099 ndi Airtel. Mukalemba "088" in nambala mulakwitsa, chifukwa nambala ya Airtel ikhoza kukhala ndi 088 pakati. Lembani nambala.startswith("088"). Mukafuna kuyesa zingapo nthawi imodzi ikani mu tuple, mndandanda wa m'mabulaketi ozungulira, nambala.startswith(("088", "099")), mabulaketi awiriwo ndi ofunika, mukaika list ikana. Ena amalemba nambala moyamba ndi +265 ndipo 0 uja amachoka, ndiye zifananitseni kaye, kuyambira Python 3.9 pali removeprefix("+265") yochotsera. Ndipo ngati nambalazo zadzera mu Excel kaonetsetseni, amakonda kudya 0 woyambayo chifukwa amayesa ndi nambala yowerengera, nde startswith wanu sapeza olo mmodzi.

Kangati, komanso malo onse

count() amawerenga kuti chidutswacho chapezeka kangati. Koma ali ndi khalidwe lake, akapeza amadumpha chidutswa chonsecho nkupitirira, sawerenga zoberekana. Tengani mawu oti "anakanana". Mukaona bwino ana alimo katatu, pa 0, pa 4 ndi pa 6, kungoti wa pa 4 ndi wa pa 6 akugawana a mmodzi. "anakanana".count("ana") abweza 2. Nthawi zambiri zimenezi sizivuta, koma ngati mukufunadi onse mulembe lupu yanu, khodi yobwerezabwereza kusakako mpaka zitatha:

```
def malo_onse(mawu, funso):
    zopezeka = []
    i = mawu.find(funso)
    while i != -1:
        zopezeka.append(i)
        i = mawu.find(funso, i + 1)
    return zopezeka

malo_onse("anakanana", "ana")    # [0, 4, 6]
```

Chinsinsi chili pa i + 1 paja. Mukaiwala + 1 nkungolemba i, find azingopeza malo omwewo mpaka kalekale ndipo foni itentha m'manja. Mukasintha kukhala i + len(funso) ndiye kuti mwabwerera ku khalidwe la count lodumpha zoberekana.

Pali kena kamodzi kamene kamadabwitsa anthu, string yopanda kanthu imapezeka paliponse. "" in "Zomba" ndi True, find("") amabweza 0. Ndiye munthu akadina batani losakira asanalembe kalikonse, pulogalamu imubweretsera kaundula yense. Pena n'zomwe umafuna, pena ayi, makamaka ngati m'kaundulamo muli za ndalama za anthu. Ikani if not funso pamwamba muthane nazo.

Pomwe pali ntchito yeniyeni: mawu ooneka ofanana koma osafanana

Zonse ndanena pamwambazi mutha kuziphunzira tsiku limodzi. Chomwe chimadya nthawi ndi ichi, ukuona ndi maso ako kuti dzinalo lilipo, walilemba molondola, koma in akuti False. Ukhoza kuyamba kuganiza za ufiti. Pafupifupi nthawi zonse vuto silikhala pa kusakako koma pa mawuwo, chifukwa analembedwa ndi anthu osiyanasiyana pa mafoni osiyanasiyana.

Zilembo zazikulu ndi zazing'ono ndiye zosavuta, tsitsani mbali zonse ziwiri, funso.lower() in dzina.lower(). Ndikuti zonse ziwiri, chifukwa ambiri amatsitsa mbali imodzi nkudabwa. Palinso casefold() amene ndi lower wamphamvu, amatha ndi zilembo za zinenero zina monga ß wa Chijeremani, pa Chichewa palibe kusiyana koma sizipweteka kumuzolowera. Kumbukiraninso kuti lower() sasintha string yoyambayo, amabweza yatsopano, string mu Python siisinthika, ndiye kungolemba dzina.lower() pamzere payekha osaisunga penapake ndi kutaya nthawi.

Mipata ndiye mdani wosaoneka. Kiyibodi ya pa foni ikamalizitsa mawu imaika mpata kumapeto, munthu wasaka "Banda " ndi kampata kumbuyo, ndipo dzina lomwe lathera pa Banda silipezeka. strip() amachotsa ya m'mbali. Ya pakati, monga wina anadina sipesi kawiri, ine ndimachita " ".join(mawu.split()), imaphwanya mawu onse nkuwalumikizanso ndi mpata umodzi umodzi, ndipo imachotsanso kampata kena kachilendo komwe kamabwera ukakopera zinthu pa intaneti, kooneka ngati sipesi wamba koma nambala yake ndi ina. Mukakayikira lembani print(repr(mawu)), repr amaonetsa zobisika zonse, \n, \t, \xa0, zonse poyera. Ine ndisanayambe kukanda mutu ndimayamba ndi repr.

Ndiye pali ziwiri zomwe ndi zathuzathu, zoti maphunziro ambiri a pa YouTube sangakuuzeni chifukwa chinenero chawo sichidalira zimenezi.

Yoyamba ndi kachizindikiro ka mu ng'ombe, pang'ono, m'mudzi, n'chifukwa. Kali mitundu iwiri. Pali kowongoka ' komwe kamatuluka ukamalemba mu khodi, ndi kopindika ’ komwe Microsoft Word ndi mafoni ena amaika okha ukamalemba. Pa sikirini pafupifupi sungasiyanitse, koma koyambako nambala yake ndi 39 ndipo kachiwiriko ndi 8217, yesani ord() muone. Ndiye fayilo yomwe inalembedwa mu Word ili ndi ng’ombe, inu mukusaka ng'ombe, simupeza ng'ombe olo imodzi m'khola lodzaza. Kukonza kwake ndi replace("’", "'") mbali zonse. Ndipo polemba mu khodi mawu okhala ndi kachizindikiroka gwiritsani makoteshoni awiriawiri, "ng'ombe", chifukwa mukaika amodzi Python iyesa kuti string yathera pa ng nkukupatsani SyntaxError.

Yachiwiri ndi ŵ wa mu Malaŵi. Ena amamulemba ena samulemba, ndiye "Malawi" in "dziko la Malaŵi" ndi False. Koma nkhani siithera pompo, ŵ yemweyo kompyuta ikhoza kumusunga m'njira ziwiri, ngati chilembo chimodzi, kapena ngati w wamba wotsatiridwa ndi kachipewa payekha. Zonse zimaoneka ŵ, koma len("Malaŵi") kwina akupatsa 6 kwina 7. Mankhwala ake ali mu unicodedata, amene amabwera kale ndi Python.

Ine ndinangopanga function imodzi yochapa, ndipo chilichonse chimadzera mmenemo ndisanasake:

```
import unicodedata

def chapa(mawu):
    mawu = unicodedata.normalize("NFC", mawu)
    mawu = mawu.casefold()
    mawu = mawu.replace("’", "'").replace("ŵ", "w")
    return " ".join(mawu.split())

if chapa(funso) in chapa(dzina):
    print(dzina)
```

Ndondomeko yake ili ndi chifukwa, normalize ayambe kuti ŵ wa zidutswa ziwiri uja akhale mmodzi, casefold atsitse Ŵ wamkulu, kenako replace amupeze. Ndipo onani kuti chomwe ndikuonetsa ndi dzina loyambirira osati lochapidwalo, munthu dzina lake lituluke mmene analilembera, kuchapako n'kofananitsira chabe. Musagwiritse index yomwe mwapeza mu mawu ochapidwa podula mawu oyambirira, kutalika kwake kungakhale kutasintha.

Kuchapaku sikuthetsa kalembedwe kosiyana, wina Nkhoma wina Nkoma, wina Chilwa wina Chirwa, l ndi r paja timangosinthanitsa. Pa kaundula wa alamu ndinaganizapo zosandutsa r aliyense kukhala l pofananitsa, zinagwiradi ntchito, koma dziwani kuti mukatero mayina ena osiyana ayamba kuoneka amodzi. Posaka kuti munthu asankhe yekha pa zomwe zatuluka palibe vuto. Pophatikiza ndalama za anthu musayerekeze.

Mawu athunthu okha

Titakonza zonsezo panatsala kamodzi. M'kaundula munalinso kwawo kwa munthu, ndiye kusaka Banda kumabweretsanso mayi wina wa ku Bandawe, ku Nkhata Bay uko, yemwe si Banda n'komwe. Kwa kompyuta palibe cholakwika, Banda alimodi mu Bandawe. Maganizo oyamba amene amabwera ndi kusaka " Banda " ndi mipata m'mbali, koma zimenezo zimalephera dzina likakhala koyambirira, kumapeto, kapena kutsogolo kwake kukakhala koma. Njira yachidule ndi funso in mawu.split(), paja tinati pa list in amafuna chathunthu, apa khalidwe lija latithandiza, kungoti "Banda," wokhala ndi koma samupeza. Njira yokhazikika ndi re, chida cha Python chosakira mawu potsata kapangidwe kake:

```
import re

re.search(r"\bBanda\b", "Banda, wa ku Zomba")     # apeza
re.search(r"\bBanda\b", "wa ku Bandawe")          # None
```

\b amatanthauza malire a mawu, pomwe chilembo chakumana ndi chinthu chosakhala chilembo. Ka r kali kutsogolo kwa makoteshoniko musakaiwale, popanda iko Python imamva \b ngati chinthu china ndipo simupeza kanthu, popandanso error. re.search akapeza amabweza match, yomwe .start() yake imakupatsa index, akapanda kupeza amabweza None, ndiye uyu mutha kumuika mu if bwinobwino, alibe vuto la 0 lija. Musamusokoneze ndi re.match amene amangoyang'ana koyambirira kokha. Mukafuna kuti asasamale za zilembo zazikulu onjezerani re.IGNORECASE, mukafuna malo onse pali re.finditer.

Pa Chichewa \b amaona kachizindikiro kaja ngati malire. Izi pena n'zabwino, kusaka madzi kupeza m'madzi, zomwe mwina mumafunadi. Pena n'zoseketsa, kusaka ombe kupeza ng'ombe. Zidziweni chabe.

Chofunika kwambiri ngati mawu osakawo akuchokera kwa munthu wina ndi re.escape(). Mu re zizindikiro zina zili ndi ntchito yake, fulusitopu amaimira chilembo chilichonse, + amatanthauza kubwereza, ndiye munthu akalemba +265 m'bokosi losakira pulogalamu igwa pomwepo, akalemba 5.00 ipeza ndi 5200 yemwe. Lembani re.search(r"\b" + re.escape(funso) + r"\b", mawu), ngakhale kwa funso loyamba ndi + ngati limeneli \b wakutsogoloyo sagwira bwino chifukwa + si chilembo, nambala za foni ndi bwino kuzisaka padera ndi startswith uja.

Koma ndinene zoona, re anthu amamuthamangira msanga. Ukangomuphunzira umafuna kumuika paliponse kuti uoneke dolo, kenako patatha miyezi itatu iwe wemwe sukutha kuwerenga zomwe unalemba. Ngati in akukwanira, in yemweyo.

Nanga liwiro?

Ku sukulu mwina akuuzani kuti mulembe nokha kusaka ndi malupu awiri, kuyesa malo alionse chilembo ndi chilembo. Chitani kamodzi, zimatsegula mutu, ndipo mukamva za Knuth-Morris-Pratt ndi Boyer-Moore, njira ziwiri zotchuka zomwe zinasindikizidwa mu 1977 zothandiza kudumpha malo omwe n'zodziwikiratu kuti sangafanane, mumvetsa vuto lomwe ankathetsa. Koma pa ntchito yeniyeni musalembe yanu, find ndi in za Python wamba zinalembedwa mu C ndipo lupu yanu singazipose. Pomwe liwiro limatayika ndi pena, monga kuitana chapa(funso) mkati mwa lupu ya mayina 50,000 pomwe funsolo silikusintha, lichapeni kamodzi panja. Ndipo ngati mayinawo ali mu database musawakokere onse mu Python kuti muwasake, SQL, chinenero chofunsira database, ili ndi LIKE '%banda%' yake, kungoti nkhani ya zilembo zazikulu imatengera database yake, PostgreSQL amasiyanitsa ndipo ali ndi ILIKE yapadera, SQLite sasiyanitsa pa zilembo wamba koma pa Ŵ ndi ŵ amasiyanitsa.

Musanapereke pulogalamu kwa eni ake yesani ndi list ya mayina angapo osati limodzi ngati ine, ndipo musake dzina lomwe lili koyambirira kwenikweni, lina la kumapeto, lina loti mulibe, kenako bokosi lopanda kanthu, kenako dzina lokhala ndi kampata kumbuyo, lina la ng' lokopera kuchokera mu Word, ndi lina lomwe ndi chidutswa cha mawu ena ngati Banda ndi Bandawe. Mphindi khumi zokha. Alamu pano akuigwiritsa ntchito, ngakhale kope lija amabwera nalobe ku msonkhano uliwonse, akuti magetsi sadalirika, koma ine ndikudziwa kuti si magetsi okha.